Mapiritsi a ferrous sulphate: zimene andichitira pa kuthamanga, ndi zimene sanathe

Mapiritsi amene ndikukamba pano ndi aja ang'onoang'ono ofiirira amene amayi ambiri anawadziwira ku sikelo ali oyembekezera. Dzina lake ndi ferrous sulphate, ngakhale ambirife timangoti mapiritsi owonjezera magazi. Ine sindinali woyembekezera pamene ndinayamba kumwa. Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Matawale mu mzinda wa Zomba, ndili ndi zaka 31, ndipo ndimathamanga masiku 5 pa sabata. Ndawamwa miyezi 5 tsopano, ndiye ndikuona kuti ndili ndi chonena, makamaka kwa azimayi anzanga amene amadzuka mbandakucha kumanga zingwe za nsapato anthu akadali m'bulangeti.

Msewu wa Ku Chawe ndiwo umandiuza mmene thupi langa lilili. Loweruka lililonse ndimayambira m'tauni n'kukwera mpaka pamwamba, ndipo kwa zaka 3 ndinkadziwa mmene mtima uyenera kugundira pa khona iliyonse. Chaka chathachi, mu Epulo, gulu lathu linayamba kukonzekera Porters Race ya ku Mulanje, ija imayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsira ku Lichenya n'kutsika. Ndinawonjezera mtunda kuchoka pa makilomita 45 pa sabata kufika pa 80, ndipo masiku awiri pa sabata anali othamanga mwamphamvu pa chitunda. Sabata zoyambirira zinayenda bwino. Pofika kumapeto kwa Meyi, khona imene ndinkaidutsa ndikucheza inayamba kundiimitsa. Ndinkagwira m'mawondo, kupuma wefuwefu, m'makutu mukulira, miyendo ili ngati ndamangirira njerwa. A kochi athu, bambo wachikulire amene sakonda kulankhulitsa, anandiyang'ana tsiku lina n'kuti, "Madamu, miyendo iyi si yanu ya masiku onse. Mukudwala kapena?" Ndinati ayi, ndi kutopa chabe kwa ntchito, mayeso ali pafupi.

Koma sikunali kutopa kokha. Kuyambira mu Meyi kufika mu Julaye ndinadwala chimfine katatu, ndipo chilichonse chinkatenga sabata ndi masiku ena, n'kusiya chifuwa chouma. Pakhosi pankakanda pafupifupi sabata iliyonse. M'mbali mwa milomo munkang'ambika. Popesa, tsitsi linkatsala lambiri m'chipeso. Nthawi ya chiperoni aliyense amazizidwa, koma ine zala zinkachita dzanzi ngakhale masana dzuwa lilipo. Chinanso chimene sindinauze aliyense nthawi imeneyo n'chakuti ndinayamba kulakalaka dothi, lija amagulitsa mumsika lowotcha. Ndikamva fungo la pansi pothiridwa madzi, malovu ankadzaza m'kamwa. Ndinkagula kamodzi kapena kawiri pa sabata. Porters Race ndinapita ndithu, koma ndinayenda pansi gawo lalikulu la phirilo, ndipo nditabwerako ndinagona masiku 4 ndi chimfine china.

Azakhali anga atandiona pa maliro ena anandikoka chikope n'kuti, "Mwana wanga, m'maso mwako mwayera mbuu. Ukawiritse masamba a mapeyala, uzimwa m'mawa ndi madzulo." Ndinawiritsa. Madzi ake amafiira ngati magazi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amawakhulupirira, monganso chidede ndi zakumwa zofiira za m'botolo. Kufiira kwa madzi sikutanthauza kuti muli ayironi, mchere umene thupi limafuna popanga magazi. Ndinamwa sabata 3 popanda kusintha kulikonse. Kenako ndinagula botolo la mankhwala amadzi otsekemera, okhala ndi chithunzi chokongola pa katoni, pa mtengo woti ndikanagula nawo mapiritsi a miyezi ingapo. Ankakoma, sankavuta m'mimba, koma nditaphunzira kuwerenga zolembedwa kumbuyo ndinapeza kuti ayironi wa mu supuni imodzi sankafika ngakhale kotala la amene ali m'piritsi limodzi la ferrous sulphate. Ambiri mwa mankhwala amadzi amenewa ndi shuga ndi mavitamini. Kwa munthu amene nkhokwe yake yauma, n'chimodzimodzi kuthira madzi m'mgolo ndi chivindikiro cha botolo.

Mu Ogasiti ndinaganiza zokayezetsa. Kwathu kuno ukati ukukayezetsa magazi aliyense amaganiza za HIV, moti mnzanga wa ku ntchito anandigwira dzanja n'kundilimbitsa mtima. Kuyezetsa kumeneko n'kofunika ndipo ndimachita, koma ulendo uwu unali wina. Poyamba anandibaya chala. Malungo sanapezeke. Hemoglobini, nambala yoonetsa ngati magazi ndi okwanira, inali 11.6. Bungwe la WHO limati mayi amene sali woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati nambalayi yatsika pansi pa 12, choncho ndinali pansi pang'ono chabe, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudabwa kuti kusiyana kochepa chonchi kungandifooketse bwanji chotere.

Yankho ndinalipeza kwa dokotala wina wamayi pa chipatala cholipira, amene anamva zoti ndimathamanga n'kupempha kuti ayeze ferritin, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi. Magazi anatengedwa pa mkono, m'mawa, nditapuma tsiku lathunthu osathamanga, ndipo anayezanso CRP kuti aone ngati m'thupi mulibe kutupa kapena matenda. Anandifotokozera kuti ferritin amakwera munthu akamadwala kapena akangochita masewera olimbitsa thupi kwambiri, ndiye ukayezetsa uli ndi chimfine, kapena tsiku lotsatira mpikisano, nambala imatha kuoneka bwino pamene zinthu sizili bwino. Zotsatira zinabwera patapita masiku 3. Ferritin anali 8.

"Achemwali," anatero dokotalayo, "hemoglobini ndi nsima imene ili m'mbale. Ferritin ndi chimanga chimene chili m'nkhokwe. Inu m'mbale mukadali kanthu, koma nkhokwe mwasesa kale." WHO imaika malire pa 15 kwa munthu wamkulu, koma madokotala ambiri oona za anthu amasewera amayamba kuda nkhawa ferritin akatsika pansi pa 35, chifukwa ayironi sagwira ntchito m'magazi mokha. Amafunikanso m'minofu momwemo, mu timakina ta m'maselo timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Wothamanga amatha kumva kufooka hemoglobini isanagwe n'komwe.

Anandiwerengeranso makomo amene ayironi amatulukira mwa mayi wothamanga, ndipo ndinadzipeza pa lililonse. Khomo lalikulu ndi msambo, ndipo wanga ndi wamasiku 6, woyamba mwamphamvu. Phazi likamamenya pa tala maulendo masauzande, maselo ena ofiira amaphwanyika. Thukuta limatenga pang'ono. Pa mtunda wautali magazi amathamangira ku miyendo n'kusiya matumbo, ndipo matumbowo amatha kutaya timagazi tosaoneka ndi maso, makamaka kwa amene amamwa brufen pafupipafupi. Ine ndinkamwa brufen mwezi uliwonse chifukwa cha cham'mimba cha kumwezi, ndiponso bondo likavuta. Pamwamba pa zonsezi, dothi lija limamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi, pamene chilakolako chake chimabwera chifukwa cha kusowa ayironi komweko. Malangizo a ku America amati mayi wa zaka 19 mpaka 50 amafunika mamiligalamu 18 a ayironi m'chakudya pa tsiku, pamene bambo amafunika 8 okha. Ine chakudya changa cha m'mawa chinali tiyi ndi mbatata, masana nsima ya ufa woyera ndi kabichi kapena soya, ndipo madzulo nthawi zambiri ndinkagona ndi tiyi wina chifukwa chotopa.

Sindili ndekha pa zimenezi. Kafukufuku wa dziko lonse wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anali ndi magazi ochepa. Koma dokotalayo anatsindika kuti si onse amene vuto lawo ndi ayironi. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, matenda a sickle cell ndi ena otengera ku mtundu, zonsezi zimachepetsa magazi. N'chifukwa chake anandiyeza chimbudzi ndi mkodzo, n'kundipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, asanandilembere mapiritsi.

Tsopano za mapiritsiwo. Ndinagula ku famase, ndipo anandiwerengera m'kapepala kapulasitiki kolembedwa ndi bolopeni. Ndi otchipa kwambiri. A mwezi wathunthu sanafike mtengo wa mazira a sabata imodzi, ndipo pa zonse zimene ndagulapo chifukwa cha kuthamanga, kuyambira nsapato za pa kaunjika mpaka wotchi, palibe chimene chandibwezera zambiri pa ndalama yochepa chonchi. Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza: pa chitini pamalembedwa 200 mg, koma ameneyo ndi mchere wonse wa ferrous sulphate. Ayironi weniweni m'menemo ndi pafupifupi 65 mg. Mukamafananiza ndi mankhwala ena, nambala yachiwiriyi ndiyo yoyang'ana, ndipo pa mabotolo ambiri okwera mtengo imalembedwa mwa timalemba tating'ono. Thupi nalonso silitenga 65 yense. Limangotola kagawo kochepa, otsalawo amadutsa, ndipo ndi amene amadetsa chimbudzi.

Sabata ziwiri zoyambirira zinali zowawa, ndipo gawo lina linali kulakwitsa kwanga. Pofuna kuchira msanga ndinkamwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi tiyi, ndiponso madzulo. Ndinkamva nseru mpaka nthawi ya buleki ku sukulu. M'kamwa munkamveka ngati ndatafuna msomali. Ndinadzimbidwa masiku 4, ndipo kuthamanga uli wodzimbidwa ndi mavuto okhaokha, mimba imakhala ngati mwala. Chimbudzi chinada bii, ndipo pakanapanda kuti anandichenjezeratu ndikanathamangira kuchipatala. Ndikumvetsa tsopano chifukwa chake amayi ambiri oyembekezera amalandira mapiritsiwa ku sikelo n'kukawasiya pa windo. Sindikuwaweruza. Mapiritsiwa ndi aukali m'mimba, ndipo zimenezi ndikuziika poyera ngati cholakwika chawo chachikulu.

Nditabwerera kukadandaula, dokotala anasintha kamwedwe, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikanakonda wothamanga aliyense atachidziwa. Chiwindi chimapanga hepcidin, amene ntchito yake ndi kutseka chitseko cha m'matumbo kuti ayironi asalowe. Amakwera pa zifukwa zingapo. Ukamwa piritsi la ayironi wambiri, hepcidin amakwera n'kukhala pamwamba pafupifupi maola 24, choncho piritsi lachiwiri la tsiku lomwelo limapeza chitseko chotseka theka. Ofufuza a ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anaonetsa mu 2017 kuti amayi osowa ayironi amene ankamwa tsiku limodzi n'kudumpha lina ankatenga gawo lalikulu la ayironi wa m'piritsi lililonse kuposa amene ankamwa tsiku ndi tsiku. Hepcidin amakweranso masana ndi madzulo kuposa m'mawa. Ndipo kwa ife othamanga, amakwera kwambiri pakapita maola 3 mpaka 6 kuchokera pamene wamaliza kuthamanga mwamphamvu. Ine ndinkamwa piritsi la madzulo pa nthawi imene thupi linali litakana kulandira.

Kamwedwe katsopano kanali aka: piritsi limodzi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, m'mawa, pasanathe theka la ola ndikangofika kuchokera kothamanga, ndi madzi ofinyiramo ndimu. Lamlungu ndinkapuma zonse. Nseru inachepa kwambiri pa sabata imodzi yokha. Kudzimbidwa kunatsala pang'ono, koma papaya ndi madzi ambiri zinathandiza. Masiku amene m'mimba mwavuta ndimamwera limodzi ndi nthochi, podziwa kuti ndikutaya pang'ono koma ndipitiriza. Sindikunena kuti aliyense achite chimodzimodzi. Amene magazi ake atsika kwambiri, kapena woyembekezera, atsate zimene amuuza kuchipatala. Koma ngati mwatsala pang'ono kutaya mapiritsi chifukwa cha m'mimba, kafunseni za kudumphitsa tsiku musanawasiye.

Chimene chinandivuta koposa ndi tiyi. Ndinakulira pa tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, wamphamvu, wa mkaka ukapezeka. Tiyi ali ndi zinthu zimene zimamanga ayironi wa m'masamba, m'nyemba ndi m'mapiritsi, moti kapu imodzi pa chakudya imatha kuchotsa kuposa theka la amene akanalowa. Mkaka nawo umatchinga chifukwa cha kashiamu. Sindinasiye tiyi, ndinangomusuntha. Tsopano ndimamwa nthawi ya buleki, 10 koloko, patapita maola oposa awiri chimwereni piritsi, ndipo pa chakudya cha masana ndi madzulo ndimamwa madzi kapena malambe osungunula. Mwezi woyamba m'mawa unkaoneka wosakwanira popanda kapu yotentha m'manja. Pano ndazolowera.

Pa mbale napo ndinasintha, pang'onopang'ono monga mwa thumba la mphunzitsi. Usipa kapena matemba katatu pa sabata, odya ndi mitu yomwe. Chiwindi kamodzi pa sabata ziwiri. Bonongwe, chisoso ndi nkhwani m'malo mwa kabichi wa tsiku ndi tsiku, ndi tomato wambiri. Nyemba ndimaziviika usiku wonse n'kutaya madzi ake ndisanaphike, ndipo ndikapeza za mtundu wa NUA45, zimene zili ndi ayironi wochulukirapo, ndimagula zimenezo. Ayironi wa mu nsomba ndi nyama amalowa mosavuta kuposa wa m'masamba, ndipo kansomba kochepa kakakhala m'mbale limodzi ndi masamba kamathandiza kuti wa m'masambayo alowenso. Gwafa limodzi kapena lalanje pambuyo pa nsima limachita ntchito yomweyo. Ngumbi zitatuluka ndi mvula yoyamba sindinazisiye.

Kusintha kunabwera motsatana, ndipo ndinkalemba m'kope langa la mathamangidwe. Choyamba kutha chinali chilakolako cha dothi. Pa sabata yachiwiri ndinadutsa pa amayi ogulitsa aja osamva kanthu, ngati munthu wazimitsa wailesi imene inkalira m'mutu. Pa sabata yachinayi ndinasiya kugona pa desiki ana akaweruka. Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndinakwera msewu wa Ku Chawe osaima, ndipo pa khona ija wotchi inaonetsa kuti mtima ukugunda mocheperapo ndi 12 pa mphindi poyerekeza ndi mu Julaye, pa liwiro lomwelo. A kochi sananene zambiri, anangoti, "Mwabwera, Madamu." Kumapeto kwa Okutobala hemoglobini inali 12.9. Ferritin ndiye amakwera ngati kamba. Pa miyezi 3 anali 24, ndipo dokotala anati ndipitirize miyezi ina 3 kuti nkhokwe idzaze, chifukwa anthu ambiri amasiya akangomva bwino n'kubwerera pomwe anali pasanathe chaka. Pa mbali ya mphamvu ndi mpweya, mapiritsiwa achita zonse zimene ndinkayembekezera ndi kupitirira.

Pa mbali ya chitetezo cha m'thupi ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa apa ndi pamene ndinkayembekezera chozizwitsa ndipo sichinabwere mmene ndinkaganizira. Ndi zoona kuti asilikali a m'thupi amafuna ayironi. Maselo oyera amene amayenera kuchulukana msanga kachilombo kakalowa sachulukana bwino ayironi akasowa, ndipo ena amagwiritsa ntchito ayironi popanga mankhwala ophera mabakiteriya amene awameza. Choncho n'zomveka kuti munthu wa ferritin 8 azigwidwagwidwa. Koma nditamwa mapiritsi mwezi ndi theka, mphamvu zitabwerera, ndinachita chimene wothamanga aliyense amachita akamva bwino: ndinabwerera pa makilomita 80. Pasanathe sabata ziwiri pakhosi panayambanso kukanda, n'kukhala chimfine cha masiku 6.

Nkhani yoti othamanga mtunda wautali amadwaladwala chimfine si yatsopano. Kafukufuku wina wodziwika anachitika pa mpikisano wa Two Oceans ku Cape Town, wa makilomita 56, ndipo anasindikizidwa mu 1983. Pa sabata ziwiri zotsatira mpikisanowo, othamanga pafupifupi 33 pa 100 anadandaula za chimfine kapena zilonda zapakhosi, poyerekeza ndi 15 pa 100 mwa anthu amene ankakhala nawo koma sanathamange. Ofufuza a masiku ano amatsutsana ngati kuthamangako ndiko kumagwetsa chitetezo. Ena amati zambiri zimachokera ku kusagona mokwanira, kudya mosakwanira, kupanikizana m'magalimoto ndi pa malo oyambira, komanso fumbi ndi mphepo yozizira zimene zimapsereza pakhosi popanda kachilombo. Ndikayang'ana moyo wanga wa nthawi imeneyo, zonsezi zinalipo. Ndinkagona maola 5, kudzuka 4 koloko, kuthamanga m'fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, n'kukaima pamaso pa ana 90 amene theka lawo likutsokomola.

Chimene chinathetsa kudwaladwala chinali kutsitsa mtunda kufika pa 60, kutsala ndi tsiku limodzi lokha la chitunda pa sabata, kugona 9 koloko, ndi kudya chakudya chenicheni madzulo. Dokotala anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: ngati msambo unayamba wadumphapo kapena kuchepa nthawi imene ndikuthamanga kwambiri. Anati mayi amene akudya zochepa poyerekeza ndi mphamvu imene akuwononga, thupi lake limayamba kuzimitsa zina, msambo, kulimba kwa mafupa, chitetezo, ndipo nalonso limakweza hepcidin. Komiti ya Olympic ya dziko lonse inalipatsa vutoli dzina lakuti RED-S mu 2014. Ine msambo sunasiye, koma ndikudziwa atsikana awiri a m'gulu lathu amene anasiya kusamba miyezi ingapo n'kumaona ngati ndi chizindikiro choti alimba. Piritsi silingakonze zimenezo. Kuchokera mu Novembala sindinadwalenso chimfine, ndipo ndikagawa ulemu wake, mapiritsi ndiwapatsa gawo, tulo ndi nsima ndi usipa ndizipatsa gawo lalikulupo.

Palinso mbali ina imene inandichititsa kuwalemekeza mapiritsiwa ngati mankhwala enieni, osati ngati maswiti a mphamvu. Tizilombo natonso timafuna ayironi. Munthu akadwala, thupi limakweza hepcidin dala kuti libise ayironi, tizilombo tisowe chakudya. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, komwe malungo anali ochuluka, ofufuza anapereka ayironi ndi folic acid kwa ana ang'onoang'ono masauzande ambiri posayang'ana ngati akusowa kapena ayi, ndipo anaimitsa gawo limenelo msanga ataona kuti ogonekedwa m'chipatala ndi omwalira akuchuluka pakati pa olandirawo. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006. Awo anali ana, osati akuluakulu, koma phunziro lake limatikhudza ife okhala m'dziko la udzudzu: ayironi ndi wa amene wayezedwa n'kupezeka kuti akusowa, ndipo azipita limodzi ndi neti. Mu Disembala, mvula itayamba, ndinadwala malungo. Anandiuza kuti ndiime kaye mapiritsi mpaka nditamaliza LA ndi kutentha thupi kutatha, popeza nthawi imeneyo salowanso bwino. Ndinaima masiku 10 n'kuyambiranso.

Mnzanga wina wa m'gulu, wochokera kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ataona kusintha kwanga anandipempha kuti ndimugawireko. Ndinakana, ndipo anakhumudwa nane sabata yathunthu. "Asisi, mapiritsi otchipa omwewa mukundimana?" Ndinamuperekeza kukayezetsa. Anamupeza ndi likodzo. Akanamwa ayironi yekha akanakhala akuthira madzi m'ndowa yobooka, ndipo chikhodzodzo chikupitiriza kuwonongeka. Abambo a m'gulu lathu nawonso ndimawauza kuti asatengere ine. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wochuluka, amaunjikana m'chiwindi, ndipo bambo akapezeka kuti akusowa ayironi pamafunika kufufuza kumene magazi akutayikira.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinakondwe nazo pa kagulitsidwe kake, ndipo si za famase imodzi, ndaziona m'malo angapo. Choyamba ndi kapepala kapulasitiki kaja. Mapiritsiwa ndi ofiirira, osalala, ena otsekemera kunja, ndipo kwa mwana wa zaka ziwiri amaoneka ngati maswiti. Mwana akameza ochuluka akhoza kufa. Ine ndili ndi mwana wa mchemwali wanga pakhomo, choncho ndinawasamutsira m'botolo lotseka molimba n'kuika pamwamba pa kabati. Ndikanakonda ogulitsa atamanena zimenezi kwa aliyense wogula. Chachiwiri, palibe anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala ena. Ayironi amamangana ndi mankhwala angapo m'mimba n'kuwafooketsa: doxycycline, ciprofloxacin, ndiponso dolutegravir amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa masiku ano. Malangizo a dolutegravir ndi akuti amwedwe maola awiri ayironi asanamwedwe, kapena maola 6 pambuyo pake, kapena zonse pamodzi ndi chakudya. Mankhwala a chilungulira aja oyera amatchinganso ayironi. M'dziko lathu lino limeneli si funso loti wogulitsa aziliiwala, ndipo ngati iye sanafunse, inu nenani.

Cholemetsa china ndi mtengo wa kuyeza ferritin. Kuyeza kamodzi kunandidyera ndalama zoposa mapiritsi onse a miyezi 5, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimayeza. Kwa mtsikana wa kumudzi amene amathamangira sukulu yake, hemoglobini ya pa chala ndi imene angaipeze, ndipo imeneyo imaonetsa vuto nkhokwe itatha kale. Aphunzitsi anzanga a zamasewera, mtsikana wanu waliwiro akayamba kutsalira popanda chifukwa, akumadwaladwala, mufunseni mwaulemu za msambo, za chimene wadya m'mawa, ndi za dothi, kapena mupeze mphunzitsi wamayi amufunse, musanamunene kuti wayamba ulesi.

Ndatsala ndi mapiritsi 13 m'botolo, okwanira mwezi umodzi. Akatha ndikayezetsanso, nditapuma tsiku limodzi, ndili bwino, m'mawa. Dokotala akufuna aone ferritin atadutsa 35 asanandilole kusiya, ndipo tagwirizana kuti ndizikayezetsa mu Epulo chaka chilichonse ndisanayambe kuwonjezera mtunda. Za msambo wochuluka wandilembera kalata yokaonana ndi dokotala wa amayi, chifukwa khomo limenelo likadali lotsegula. Loweruka lapitali kunali nkhungu kuyambira pa damu la Mulunguzi kupita kumtunda, msewu uli wonyowa, ndipo ndinafika pamwamba ndi mpweya wokwanira kuyankha moni wa amayi ogulitsa zipatso. Pobwerera ndinagula mulu wa mapichesi n'kutsika nawo pang'onopang'ono.